Pempho la ana anu a ku Joni: tilembereni chiyambi cha tchalitchi chathu

Kwa Abusa, madikoni, amayi a mpingo, Amfumu ndi eni mbumba nonse,

Pepani nonse amene mwangochoka kumanda. Uthenga wa imfa ya Agogo aakazi a kuseri kwa tchalitchi unatipeza usiku pa WhatsApp, ena tili pa ulonda, ndipo kutacha tinasonkha kangachepe n'kutumiza kudzera kwa Amalume. Tikhulupirira kuti chipepesocho chinafika m'manja mwa eni maliro, poti mpaka lero palibe watiyankha.

Chatilembetsa kalatayi si ndalamazo ayi. Mnyamata wina anajambula mwambo wa maliro pa foni n'kutitumizira, ndipo tinamvamo mawu awiri amene atisowetsa tulo. Oyamba, powerenga mbiri ya malemu kunanenedwa kuti Agogo anakulira mu mpingo umene "azungu a mishoni anatibweretsera." Anthu onse aja, madikoni ali pompo, palibe anatsokomola n'komwe. Achiwiri anatuluka pa nthawi ya zolengeza, akuti matchona a ku Joni anadya ndalama za malata a tchalitchi. Za malatazo tifikapo. Tiyambe ndi zoyambazo, chifukwa Agogo akanadzuka m'bokosi muja akanakudzudzulani onse.

Ndani mwa ife sanakhalepo pa khonde lawo lija, iwo ali pa mkeka akusenda nandolo, lichero lili pamiyendo? Ukangofunsa za kale ankaika lichero pambali, n'kuyamba kupinda zala: uyu anapereka malo, uyu anadula mitengo ya denga, uyu anabatizidwa ali ndi mwana kumsana wina n'kumulandira pamtunda. Akafika pa dzina la amayi awo ankayamba Chilomwe osazindikira. Ife tinkaseka, maso ali ku mpira. Lero zala zija zili m'nthaka, kaundula wakale anadyedwa ndi chiswe, ndipo masamba otsalawo ananyowa pomwe namondwe wa Freddy anagwetsa khoma la kuvesitile mu 2023. Tikapitiriza chonchi, mwana wobadwa chaka chino adzakula akudziwa kuti tchalitchi chathu chinachita kugwa kumwamba, kapena kuti anamanga ndi mzungu.

Mpingo wathu ndi nthambi ya ku Mbombwe, ndipo Mbombwe sanayambitse mzungu. John Chilembwe, yemwe nkhope yake mumaigwira pa K500 ndi pa K2000, anali mwana wa kwathu ku Chiradzulu. Analowa ntchito kwa Joseph Booth mu 1892, chaka chotsatira n'kubatizidwa, ndipo mu 1897 anapita naye ku America. Mbali ya mzungu ithera pomwepo. Kumeneko Chilembwe anakaphunzira za ubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, pa sukulu ya anthu akuda, ndipo amene anamutumiza kwawo mu 1900 ndi a National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda okhaokha. Ganizirani, Abusa: ukapolo kumeneko unali utangotha zaka 35 zapitazo. Oponya makobili m'mbale kuti ku Chiradzulu kukhale sukulu anali ana a akapolo, ambiri olima thonje m'minda ya eni ndi amayi ochapira anthu zovala. Ndalama zimenezo ndi zomwe zinathandiza kugula maekala 93 pa Mbombwe, pomwe panakhazikika Providence Industrial Mission (PIM).

Mu 1901 kunabwera Abusa Landon Cheek, mu 1902 kunabwera Mayi Emma DeLaney, onse akuda ngati ife. A Cheek anakwatira m'banja la a Chilembwe momwemo, tinene kuti anali mkamwini wathu. Mayi DeLaney pamodzi ndi Mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi kusoka, uku abambo akuyesa khofi ndi thonje, uku ana akuphunzira kuwerenga. Pofika 1906 alendo awiriwa anali atabwerera kwawo, koma ntchito sinaime. Cha m'ma 1912 ana a m'sukulu za mishoniyi ankayandikira 1,000, ndipo mu 1913 anatsegula tchalitchi chachikulu cha njerwa, choumbidwa ndi kumangidwa ndi manja a anthu akuda, pa nthawi imene azungu a m'maesiteti ankakwiya akangoona munthu wakuda atavala nsapato ndi chipewa.

Makolo athu analowa bwanji m'nkhaniyi? Monga ankasimbira Agogo, amayi awo anabwera ali mtsikana kuchokera ku Mozambique, pamodzi ndi Alomwe ambirimbiri othawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi. Malo anawapeza pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ndipo malipiro a malowo anali thangata: mwezi wa lendi, mwezi wa msonkho, koma miyezi yake yosatha chifukwa wowerenga masiku anali kapitawo. Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, sankalola sukulu kapena nyumba ya mapemphero ya a Chilembwe pa malowo. Anthu akamanga kachisi wa udzu, ankamutentha. Agogo ankati amayi awo anaona ndi maso awo utsi wa kachisi wotere, ndipo Lamulungu lotsatira anthu anakapemphera paphulusa pomwepo, ataimirira, chifukwa mipando ya mitengo inali itapsa. Anthu a phulusa amenewo ndiwo mbewu ya mpingo wathu. Sanali eni dziko, analibe munda wawowawo, anali obwera ngati mmene ife tilili kuno.

Za 1915 mukuzidziwa. Nkhondo ya a Chilembwe ndi atsamunda inabuka pa 23 January, asilikali a boma la atsamunda anaphulitsa tchalitchi cha njerwa chija, ndipo a Chilembwe anawomberedwa pa 3 February. Ambiri ananyongedwa, ena anamangidwa, mishoni inatsekedwa. Zaka 11 munthu sankayerekeza kunena poyera kuti ndine wa PIM. Agogo ankati amayi awo ankapemphera akusinja, kuti mawu abisale m'kulira kwa mtondo, ndipo akulu ankakumana usiku pansi pa mkuyu uja wa kudambo ngati akukamba mlandu wa mbuzi.

Ndiye anadzatsegulanso ndani? Munthu winanso wa paulendo. Daniel Sharpe Malekebu anali mnyamata wophunzira kwa Mayi DeLaney. Mayiwo atachoka iye anawalondola, nakafika ku doko la Beira, nakwera sitima ya pamadzi akugwiramo ntchito mpaka kutsidya. Anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1917. Atabwera mu 1921 ndi mkazi wake Flora, boma la atsamunda linamubweza, moti anakakhala ku South Africa kuno ndi ku Liberia, mpaka anamulola kulowa mu 1926. Akanakhala wa masiku ano bwenzi pa maliro ena atamutchula tchona. Koma ndi iyeyo amene anadzutsa Mbombwe, ndipo ndi m'masiku ake pomwe makolo athu anatuluka pansi pa mkuyu n'kumanga kachisi wa dothi pamalo pomwe pali tchalitchi lero. Mpingowu unafalikira mpaka ku Southern Rhodesia ndi kuno ku Joni, m'mitima ya anthu opita kukagwira ntchito. Ndipo malata oyamba pa denga lathu, inu madikoni akale mukudziwa, anagulidwa ndi ndalama zimene amuna awo a Agogo omwewa ndi anzawo anapeza m'migodi ya kuno kudzera ku Wenela, Wenela isanaimitsidwe mu 1974. Anthu otuluka m'mudzi sanayambe lero kufolera tchalitchi chimenechi.

Tsono za malata. Inde tinalonjeza Freddy atadutsa, ndipo inde anafika ndi ochepa. Koma otsalawo munawalandira nokha pa msewu, ali m'bokosi. Mwana wa Azakhali atamwalira kuno, tikanatani? Tikanamuika m'manda a eni, kopanda wolira m'chinenero chake? Tinakhala pansi usiku wonse, n'kugwirizana kuti thumba la malata lilipire kumochale, mapepala ndi galimoto yodutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Amene ananena mawu aja pa maliro a Agogo anali nawo pa gulu lotsitsa bokosi limenelo, ndipo nsima ya pa maliro amenewo anadya.

Mwina mukaona zithunzi zathu pa Facebook, titavala majekete pafupi ndi galimoto za mabwana athu, mumati ndalama kuno timachita kutola. Ambiri a ife timagona anayi m'kachipinda kamodzi ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, lendi yake yokwana kugula matumba a feteleza. Wina amasamalira maluwa, wina amalera ana a eni pomwe ake ali kwa inu kumeneko, wina amanyamula katundu m'shopu kuyambira mdima mpaka mdima. Masiku 30 a pa pasipoti akatha, umayenda mtima uli m'mwamba, ukaona galimoto ya apolisi umakhota ngakhale kumene sukupita. Mwezi ukatha bwana akhoza kukuuza kuti bwera mawa, ndipo sungakadandaule kulikonse. Za ziwawa zothamangitsa alendo kuno mu 2008, 2015 ndi 2019 munazimva pa wailesi, ife ena tinagona m'matenti, katundu yense atapita. M'nyengo yozizira timadzuka madzi ataundana m'ndowa. Komabe fizi timatumiza, feteleza timatumiza, odwala akagonekedwa ku Chiradzulu kapena ku Queens foni yoyamba imalira kuno. Sitikuwerengetsa ayi, ndi udindo wathu. Koma mawu oti "anadya" amapweteka munthu amene wagona ndi tiyi wopanda shuga kuti atumize.

Ndipo musaganize kuti tinataya chipembedzo. Lamulungu masana timabwereka kalasi pa sukulu ina, timayala nsalu yoyera pa desiki, timaimba nyimbo zathu zomwezo mpaka a ku Zimbabwe ndi a ku Congo opemphera m'zipinda zoyandikana amabwera kudzasuzumira. Akatifunsa za mpingo wathu timayankha mutu uli m'mwamba, chifukwa ndi mipingo ingati ya kumudzi ingaloze chiyambi chonga chathu? Koma ana athu obadwira kuno, olankhula Chizulu kuposa Chichewa, akufunika chogwira m'manja.

Pempho lathu ndi ili. Abusa, sankhani achinyamata awiri olemba bwino, mnyamata ndi mtsikana, muwapatse kope lachikuto cholimba. Apite kwa achimwene awo a Agogo aja osaonawa, kwa adikoni opuma a kutsidya kwa dambo, ndi kwa amayi achikulire onse amene anabatizidwa m'masiku a Dr Malekebu. Asapite chimanjamanja, atenge shuga ndi sopo, ndipo asafulumire, munthu wamkulu sayamba nkhani tsiku loyamba. Ajambule mawu pa foni, kenako alembe monga anenera, Chilomwe chikhale Chilomwe, Chiyao chikhale Chiyao, osakometsera. Afunse anapereka malo ndani, mlaliki woyamba anali ndani, ankayenda njira iti popita ku ubatizo ku Mbombwe, njerwa zoyamba anaumbira pati ndipo uvuni anawotcha ndani. Mayina a amayi otunga madzi a njerwazo alembedwenso, chifukwa mbiri zambiri zimangotchula abambo ngati dothi linkadziponda lokha. Tikudziwa kuti mabanja awiri amalimbirana zoti malowo anapereka ndi agogo awo. Amfumu, musaweruze mlandu umenewo m'kope. Alembe mbali zonse ziwiri, aliyense ndi mawu ake. Akatha, Abusa muwaperekeze ku Mbombwe akapemphe kuona mabuku akale a ubatizo. Kope limodzi likhale m'bokosi la chitsulo litakulungidwa m'pulasitiki, lina lipite ku likulu, ndipo tsamba lililonse mutijambulire. Ndalama ya kabaza, makope, mabandulo a foni ndi shuga yemweyo tatenga ife, ndipo tayamba kale kusonkha. Tikanakonda kuti ziwerengedwe mu tchalitchi Lamulungu loyandikira 15 January, anthu akuchokera ku mwambo wa Chilembwe, ndipo amene anawerenga mbiri pa maliro paja akhale kutsogolo.

Poti talemba kale, tionjezereko zina. Tamva kuti pali ofuna kugwetsa mkuyu wa kudambo kuti awotchere njerwa. Amfumu, chonde, mtengo umenewo usakhudzidwe, nkhuni tigula. Chiliza cha Agogo tikufuna tidzamange nawo mvula ikatha, musatitsogolere, ndipo palembedwe dzina la amayi awo. Asungichuma azitijambulira lisiti ya chilichonse chimene tatumiza, ngakhale thumba limodzi la simenti, kuti pakamwa pa anthu patsekeke. Mayina athu asafufutidwe m'kaundula watsopano chifukwa choti sitioneka pa Mgonero, ndipo atatu mwa ife akudikirabe makalata a umembala amene anapempha kalekale. Amayi a mpingo, tayenderaniko ana athu amene tinasiya ndi agogo awo, tamva kuti ena asiya Sande sukulu ndipo mmodzi wayamba kugona kumavidiyo pa tireding'i. Mlamu wathu amene ali m'manja mwa a zolowa ndi kutuluka mumuike m'mapemphero, koma amayi ake musawauze kaye, BP yawo mukuidziwa.

Watiransipota wathu anyamuka ku Limbe kumapeto kwa mwezi uno. Mumupatsire mabuku a nyimbo asanu, athu anathothoka masamba, ndi nandolo wouma ngati watsalako. Ufa musavutike, wa kuno tinauzolowera.

Ndife ana anu, adzukulu ndi akamwini,
a mpingo wa kwathu okhala ku Johannesburg