Wodwala Si Thumba la Cimanga Loti Aikidwe Mtengo

Pali anthu ena, makamaka akatswiri a zacuma ocokera kunja, amene akhala akulalikira kuti sing'anga wa m'cipatala sangagwire nchito ndi mtima wonse pokhapokha atalipidwa pa mutu wa wodwala aliyense. Ciphunzitso cimeneci ncoipa, ndipo anthu a m'boma la Lundazi ali nawo umboni wake, pakuti cinayesedwa pa matupi ao.

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, Boma la Dr Kenneth Kaunda linakonza zakuti munthu acizidwe kwaulere. Mankhwala anali kusowa nthawi zina, makamaka mtengo wa kopa utagwa mu 1975, koma namwino sanali kuyang'ana m'thumba la wodwala asanayang'ane bala lake. Mu 1993 malipiro anakhazikitsidwa m'zipatala za Boma. Mai wa ku Mwase kapena ku Kanyanga anayamba kuwerenga ndalama asanabereke mwana wake wotentha thupi kupita naye ku cipatala, ndipo ambiri anangokhala kunyumba kufikira matenda atakula. Boma la Levy Mwanawasa linacotsa malipirowo m'maboma a kumidzi mu April 2006.

Koma nzeru ya mtengo sinafe. Inangolowera khomo lina. Mu 2012 Lundazi linali limodzi mwa maboma 10 amene anasankhidwa kuyesa njira yolipira zipatala zazing'ono molingana ndi ciwerengero ca nchito, pa ndalama zodzera ku World Bank. Nchito zisanu ndi zinai zinaikidwa mitengo. Mai akabereka m'manja mwa mzamba wophunzira, cipatala cinali kulandira madola 6 ndi masenti 40 a ku America. Munthu wodwala wamba akaonedwa, cinali kulandira masenti 20 cabe. Gawo la ndalamazo linali kugawidwa kwa anchito monga mphotho.

Tsono aliyense wodziwa kuwerengera aone yekha. Nkhalamba yotsokomola iyenera kubwera nthawi 32 kuti ilingane ndi mai mmodzi wobereka. Anamwino a kumidzi ndi anthu a cifundo, ndipo ambiri agwira nchito usana ndi usiku popanda wowalandira. Komatu munthu ndi munthu. Namwino ali yekha, pakhonde pali mzere wautali, ndipo buku la malipiro lamuuza kale amene ali wamtengo wapatali pakati pa odwalawo. Kodi mlandu ngwa namwino, kapena ngwa amene analemba bukulo?

Oikira kumbuyo njira imeneyi anena kuti azimai oberekera ku cipatala anaculuka. Zimenezo nzoona. Cimene sakonda kuchula ndi ca ku Nyimba. Boma la Nyimba linali m'gulu lina la maboma 10 amene anapatsidwa ndalama zoonjezera ndi zipangizo popanda mtengo pa mutu wa wodwala. Kuyesako kutatha mu 2014, ofufuza anapeza kuti m'gulu limeneli azimai oberekera ku cipatala anaculukanso, ndipo silinatsalire m'mbuyo. Ndiye kuti cimene cinasowa m'zipatala zija cinali ndalama zogulira zofunika. Mphotho ija inabwera ndi katundu wake: mabuku odzaza, oyendera oti atsimikize ziwerengero, mafuta a magalimoto ao. Zonsezi ndi ndalama zimene sizinagule ngakhale mbulu umodzi wa mankhwala.

Kumene dokotala alipidwa pa nchito iliyonse, nchito zimaculuka ngakhale zosafunika. Ku Brazil, m'zipatala za anthu amalonda, azimai oposa 80 pa 100 alionse amabereka mocita kung'ambidwa, pamene bungwe la WHO linanena mu 1985 kuti palibe cifukwa copitirira 10 kapena 15 pa 100. Azimai a ku Brazil sanalengedwe mosiyana ndi anzao. Opaleshoni ili ndi ola lake lodziwika, pamene kudikira mai kuti abereke yekha kungadye usiku wonse wa dokotala.

Nkhaniyi ikhudza Zambia lero cifukwa ca NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2018. Wanchito apereka 1 kwaca pa 100 kwaca iliyonse ya malipiro ake, womlemba nchito aonjezanso cimodzimodzi, ndipo cipatala cikathandiza membala cimatumiza cikalata cofuna malipiro. Kupima kulikonse kosafunika kumene kwalembedwa ku Lusaka kumacepetsa thumba lomwelo limene mphunzitsi wa ku Lundazi adalira.

Makomiti a zaumoyo a m'midzi, pamodzi ndi mafumu ndi makhansala a ku Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, asamangoomba m'manja alendo akabwera ndi pulogalamu yatsopano. Afunse poyera pa msonkhano kuti ndalama zidzalipidwa pa nchito ziti, ndi odwala ati amene sali pa mndandandawo, ndiponso ndani adzalipira namwino caka cimene alendowo adzapakira katundu wao.