Bwana wabwino ndi uti? Anchito a m'migodi ali ndi muyeso wao

Nthawi iliyonse pamene kampani yatsopano itenga mgodi ku Copperbelt, nkhani imene imamveka kwambiri ndi ya ndalama zimene idzaikamo. Zinatero mu 2024, pamene International Resources Holding inatenga magawo 51 pa 100 a Mopani, ndiponso pamene Vedanta inabwerera ku Konkola Copper Mines caka comweco. Koma munthu amene amatsika pansi pa mgodi ali ndi funso lina: kodi kapitao adzamva akauzidwa kuti mwala wa pamwamba wang'aluka?

Mbiri ya migodi ya dziko lino ionetsa kuti anchito saweruza utsogoleri poona kufatsa kapena ukali wa bwana cabe. Cimene amayang'ana kwambiri ndi njira imene dandaulo lao limayendamo, ndiponso ngati limafika kumene lapita.

Mu 1931, mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kugwiritsa nchito akulu a mitundu, osankhidwa ndi anthu a mtundu wao, kuti azinyamula madandaulo kupita kwa mkulu wa komboni. Kwa eni mgodi, iyi inali njira yaulemu yolemekeza mwambo. Anchito anaiona mosiyana. Pa sitiraka ya 1935, imene apolisi anapha anthu 6 ku Luanshya, mau a akuluwo sanamvedwe, popeza ambiri anali kuwaona monga makutu a bwana. Bungwe la African Mineworkers' Union litakhazikitsidwa mu 1949 motsogozedwa ndi a Lawrence Katilungu, sipanapite nthawi: mu 1953 anchito anavota mwaunyinji kuti dongosolo la akulu a mitundu lithe. Utsogoleri woonetsa cikondi ca atate, koma wosapatsa mwana mpata woyankha, unakanidwa.

Utsogoleri wongolamula nao unaonetsa zipatso zake, ndipo zinali zowawa koposa. Ku mgodi wa malasha wa Collum, m'boma la Sinazongwe, akapitao awiri a ku China anaombera anchito amene anali kudandaula za malipiro ndi kagwiridwe ka nchito mu October 2010, ndipo anthu osacepera 11 anavulala. Mlandu wa akapitaowo unacotsedwa m'khoti caka cotsatira. Mkwiyo sunathe. Mu August 2012, pa mkangano wa malipiro ocepetsetsa amene Boma linali litangokweza, mmodzi wa oyang'anira mgodiwo anaphedwa, ndipo mu February 2013 Boma linalanda laisensi. Pamene bwana ndi wanchito alibe tebulo lokambirana, ndipo nthawi zina alibe ngakhale cinenero cimodzi, nkhani ya malipiro imasanduka nkhani ya maliro.

Lipoti la Human Rights Watch la mu November 2011 linanena za anchito a m'makampani a mkuwa a ku China amene anali kugwira maola 12 kapena kuposa, naopsezedwa kuti adzacotsedwa nchito akakana kulowa pamalo oopsa. Coipa ca utsogoleri wotere ndi cakuti bwana amadzitseka yekha maso. Wanchito woopa kucotsedwa sanena za ngozi imene waiona, ndipo bwana amaidziwa itacitika kale.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti vuto ndi mtundu wa munthu. Mai Ching Kwan Lee, katswiri wa za cikhalidwe ca anthu amene anafufuza migodi ya ku Copperbelt kwa zaka zingapo, analemba mu buku lao la 2017 kuti kampani ya NFCA ku Chambishi inali kulipira malipiro otsika kusiyana ndi migodi ina ikuluikulu, koma mtengo wa mkuwa utagwa mu 2008 sinacotse anthu nchito. Nthawi yomweyo makampani ena anatumiza anthu zikwi kunyumba, ndipo mgodi wa Luanshya unatsekedwa. Motero wanchito mmodzimodziyo angadandaule za malipiro a bwana wake, namuyamikira pa kusunga pangano. Bwana wa mau okoma ndi ofesi yotseguka, amene amatulutsa kalata yocotsa nchito mitengo ikangogwa, sakhala pamwamba pa muyeso umenewu.

Lamulo la Occupational Health and Safety la mu 2010 linalamula kuti pamalo a anchito 10 kapena kuposa pakhale komiti ya umoyo ndi citetezo, mokhala oimira anchito ndi oimira olemba nchito. Pa pepala, njira ya dandaulo inatsegulidwa. Cobvuta ndi cakuti anthu ambiri otsika m'migodi salembedwa ndi mwini mgodi, koma ndi makontrakita, pa mapangano a nthawi yocepa. Munthu wotere ali ndi mabwana awiri: amene amamlamula pansi pa mgodi si amene amamlipira, ndipo pangano lake likatsala miyezi iwiri kuti lithe, amaganiza kawiri asanatsegule pakamwa pa msonkhano wa komiti.