Kashigeti ndi mawu athu tsopano

Pamsika wa Chambe, m'munsi mwa phiri la Mulanje, mayi wogulitsa nanazi mwina sanamvepo za Watergate, mlandu umene unachotsetsa Richard Nixon pampando ku America mu 1974, koma ukatchula kashigeti, mawu otengera dzina la mlanduwo, safunsa kuti n'chiyani. Mawuwa anatulukira m'nyuzipepala za Chingerezi mu 2013, Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti m'boma, atawomberedwa ku Lilongwe mu Seputembala, apolisi n'kuyamba kupeza mamiliyoni m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Posakhalitsa anali pakamwa pa aliyense, m'minibasi, kuchigayo, kumaliro komwe. Ine ndikuti tiwalandire, chifukwa anafika pamene tinkasowa dzina la chimene chinatigwera.

Kuba timakudziwa: wina wagwira nkhuku ya mnzake, wina wathyola golosale usiku. Koma uku kunali kuba kwa munthu wovala tayi, atakhala pakompyuta ku Capital Hill, kulembera cheke kampani imene sinapereke ngakhale msomali umodzi, kenako n'kufufuta umboni. Kafukufuku wa kampani yowerengera ndalama ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pamiyezi 6 yokha, ndipo mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti. Ululu wake unafika mpaka kumudzi, kwa wodwala wouzidwa kuti akagule yekha mankhwala. Ziphuphu ndi katangale ndi mawu abwino, koma sanena chaka kapena malo. Kashigeti amanena zonsezo nthawi imodzi, n'chifukwa chake anafala popanda wowalengeza.

Ena akuti mawu obwerawa akupha Chichewa. Nanga sukulu, sopo ndi basi zinachipha? Chilankhulo chikatenga mawu n'kuwapinda kuti agwirizane ndi lilime lathu, ndiye kuti chili moyo. Anthu a ku Mulanje, amene amasakaniza Chilomwe ndi Chichewa tsiku ndi tsiku, akudziwa zimenezi. Dandaulo limene ndikulimva ndi lina: loti mawu a Chingerezi amapeputsa mlandu, wakuba n'kumamveka ngati wochenjera. Zimenezi zimachitikadi tikamawatchula paliponse. Msungichuma wa banki m'khonde akathawa ndi ndalama za amayi anzake, timutche wakuba, tikamusumire kwa amfumu. Kashigeti tiwasungire amene anabera dziko lonse ali m'maofesi amene tinawapatsa kuti atisungire misonkho yathu.