Woyendetsa chombo ndani?



Lachisanu lapitali, ndikuchokera kophunzira nyimbo za kwaya, ndidapeza mng'ono wanga ndi anzake atatu ataunjikana pakhonde, mitu ili pamodzi ngati nkhuku pa madeya. Pakati pawo padali laputopu imene msuweni wathu adabwera nayo kuchokera ku Joni. Pagalasi lake pankaoneka chombo chikuuluka pakati pa nyenyezi, chikulavula moto, zombo zina zikuphulika. Ndidamuitana kawiri, sadamve. Kachitatu adayankha osacheuka n'komwe: "Achimwene, tadikirani, ndatsala pang'ono kuwalanda chombo." Apo n'kuti mbuzi zisanalowe m'khola, ndipo Lolemba lake adali ndi mayeso a masamu.

Mtima udandiuza kuti ndingotseka laputopuyo. Koma ndidakhala pansi n'kuyamba kuonerera, ndipo ndiulule kuti nanenso ndidakopeka. Ndiye sabata ino ndati tilingalire pamodzi za masewera amenewa.

Kwa amene simudawaonepo, masewerawa amayenda motere. Wosewera amadzipangira munthu wake, kumusankhira dzina, nkhope ndi luso. Amapatsidwa kachombo kosauka, nayamba kuyendera maiko a m'mlengalenga, kukumba miyala ya mtengo wapatali, kuchita malonda ndi kumenya nkhondo. Akapambana amalandira ndalama za m'masewera momwemo, nagula mfuti zoopsa ndi injini zamphamvu, ndipo munthu wake uja amakwera udindo. Gemu yotchedwa Starfield, imene kampani ya Bethesda idatulutsa mu 2023, ili ndi maiko oposa 1,000 oti munthu ayendere. Koma masewera omenyanitsa zombo sadayambe lero. Mu 1962, Steve Russell ndi anzake pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America adapanga gemu ya Spacewar!, momwe zombo ziwiri zinkathamangitsana mozungulira nyenyezi imodzi. Nyenyeziyo inkakoka zombo zonse ziwiri, ndipo woyendetsa akangotengeka ndi kuombera mnzake, n'kuiwala mphamvu yokokayo, chombo chake chinkagweramo.

Ndisanadandaule chilichonse, ndinene poyera kuti ine sindili m'gulu la amene amati masewera a pakompyuta ndi a satana. Kuchita chidwi ndi zakumwamba si tchimo, ndipo Eklezia saopa mlengalenga. Mu 1891 Papa Leo XIII adakhazikitsa malo ofufuzira za nyenyezi a Vatican, amene mpaka lero amayendetsedwa ndi a chipani cha Yezu. Mu 1927 wansembe wa ku Belgium, Bambo Georges Lemaître, adafotokoza kuti chilengedwe chonse chikufutukuka. Mu 1969, anthu ataponda pamwezi koyamba, Papa Paulo VI adaonerera pa kanema, nawatumizira mafuno abwino. Mnyamata amene wayamba kufunsa kuti nyenyezi zili kutali bwanji chifukwa cha gemu, ameneyo wafunsa funso labwino, ndipo mwina mawa adzakonda sayansi.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene zidandivutitsa mtima madzulo aja.

Choyamba ndi phunziro limene masewerawa amatiphunzitsa mwakachetechete. Kawirikawiri wosewera amatera pa dziko la eni, natenga chuma chake, ndipo amene wamuletsa amaomberedwa. Akapha ambiri ndiye kuti wakhoza. Ife a ku Ntcheu nkhani yotereyi tiyenera kuimva ndi makutu ena, chifukwa dziko loteredwa ndi alendo amfuti lidakhalapo lathu lomwe lino. Mu 1896 asilikali a boma la atsamunda adapha Inkosi Gomani Chikuse. Ndiponso tisabisale kuseri kwa chala: makolo athu Angoni nawo adafika kuno ndi nthungo ndi zishango, ndipo alipo amene adalira chifukwa cha iwo. Tsono mdzukulu wa anthu amene adalawa zowawa zoterezi angaombe m'manja mosaganiza pamene akulanda dziko la ena, ngakhale pagalasi chabe?

Pamapiri omwewa padafikanso apaulendo a mtundu wina. Mu 1901 amishonale atatu a chipani cha Montfort, ataoloka nyanja zikuluzikulu, adakhazikika ku Nzama. Kwa iwo kuno kudali kwachilendo ngati dziko la kuseri kwa mwezi. Adayenera kupempha malo kwa eni ake, kuphunzira chinenero ndi kudya zimene adapeza. Iwonso adali anthu okhala ndi zofooka zawo, koma mbewu imene adadzala ndi imene ikutisonkhanitsa pa Misa lero. Apaulendo alipo a mitundu iwiri: wofuna kulanda ndi wofuna kukumana ndi anthu. Ambiri mwa masewerawa amalola wosewera kusankha: kukambirana kapena kuombera, kupulumutsa chombo chimene chapempha thandizo kapena kuchibera. Wina anena kuti, "Si zenizeni, ndi gemu chabe." Zoonadi, palibe magazi amene akhetsedwa, ndipo sindikunena kuti aliyense wosewera adzasanduka chigawenga. Koma chimene munthu amasankha pamene palibe womuona ndiponso palibe chilango, chimamuululira za mtima wake. Chikumbumtima sichikhala ndi batani lozimitsira.

Chachiwiri ndi nthawi, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Masewerawa adapangidwa mwaluso kuti usafune kuleka. Ukamaliza ntchito imodzi, ina yakudikira kale. Ukagula mfuti iyi, waona ina yoposa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Munthu wa pagalasi amanka nakwera, pamene munthu wapampando akutsika m'kalasi. Chombo chili ndi injini zatsopano, koma kope la masamu lili mbuu ndi fumbi. Ndalama za bandulo kapena zolipira kunyumba za magemu nthawi zina zimachokera pa thumba la mbatatesi limene amayi adakhalira nalo tsiku lonse padzuwa m'mbali mwa msewu wa M1, ku Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidavomereza kuika chizolowezi chosewera magemu mopitirira muyeso pa mndandanda wa matenda. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika gemu patsogolo pa zina zonse, ndi kupitirizabe ngakhale ukuona kuti zikukuononga. M'gemu, chombo chikaphulika umangoyambiranso pamene udalekera. Chaka cha Folomu 4 sichitero. Madzi akatayika saoleka.

Mwayi wake tili ndi mnzathu kumwamba amene zinthuzi adazidziwa bwino. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene adamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ankakonda makompyuta ndi magemu ngati ife tomwe. Amayi ake amachitira umboni kuti adadziikira yekha malire a ola limodzi pa sabata. Luso lake la kompyuta adaligwiritsa ntchito posonkhanitsa nkhani za zozizwitsa za Ukaristia ndi kuziika pa intaneti. Pa 7 Sepitembala 2025 Papa Leo XIV adamulengeza kuti ndi woyera. Carlo sadaphwanye gemu yake. Adangokana kuti gemuyo imuyendetse.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tiyeni tisewere, koma tiziike malire tisanayatse makina, chifukwa tikayatsa kale nzeru zimachepa. Ntchito ya pakhomo, sukulu, Misa ndi mphakati zikhale patsogolo. Tisasewerere ndalama imene sitingathe kuwauza makolo kumene yachokera. Ndipo inu makolo ndi alangizi athu, musangokalipa muli patali. Khalani pansi tsiku lina, mumufunse mwana kuti akusewera chiyani ndipo wasankhiranji kuombera m'malo mokambirana. Mudzadabwa ndi zimene adzakuuzeni.

Usiku womwewo magetsi adathima, batire la laputopu lidatha, ndipo tidatuluka kukatsekera mbuzi. Pamwamba pa mapiri mlalang'amba udali utayala mbee, wopanda bandulo, wopanda malipiro. Ndidakumbukira Abrahamu, amene Mulungu adamutulutsa panja usiku kuti ayang'ane nyenyezi ndi kukhulupirira lonjezo. Mng'ono wanga adayang'ana kumwamba kwa kanthawi, kenaka adandifunsa ngati kumeneko kulinso anthu. Ndidamuyankha kuti tikafunse aphunzitsi a sayansi ndi Bambo Mfumu omwe. Tagwirizana kuti azisewera Loweruka masana pokha. Ngati asunge panganolo, nthawi ndiyo idzanena.

Lamulungu likudzali tikakumana achinyamata itatha Misa, aliyense abwere atawerenga maola amene wathera pa foni kapena pa gemu sabata ino. Tisanamizane.

Carlo Acutis Woyera, mutipempherere.