Kodi Seketi Yanuyo Iyimba Kapena Ingokhala Chete?

Mwezi uno tasiya kaye za BP ndi shuga kuti ticheze ndi ana athu amene akuphunzira zamagetsi m'makoleji kuno. Musadabwe kuti anamwino tikulowerera. Kamakina ka Doppler kamene timamvera mtima wa mwana m'mimba kali ndi oscillator m'kati mwake, ndipo ikapanda kugwira ntchito ife sitimva kalikonse.

Ophunzira ambiri amangothamangira pa kompyuta, koma m'chipinda cha mayeso muli pensulo ndi pepala basi. Nanga mudziwa bwanji ngati seketi ya transistor iyamba kuyimba?

Kumbukirani kulira kwa sipika kutchalitchi mlaliki akayandikiza maikolofoni. Mawu akutuluka, akubwereranso, akukula. Heinrich Barkhausen wa ku Germany analemba lamulo lake mu 1921: chizindikiro chikazungulira seketi yonse chibwerere chili pa madigiri 360, ndipo chisachepe mphamvu. Kuti kuyimba kuyambe, chibwerere chokulirapo pang'ono.

Titenge phase-shift oscillator. Choyamba onani ngati transistor ili maso: pakati pa base ndi emitter pakhale pafupifupi mavoti 0.7. Transistor ya common emitter imatembenuza chizindikiro ndi madigiri 180. Magulu atatu a resistor ndi capacitor amawonjezera 180 ena, koma amachifooketsa ka 29. Ndiye transistor ichikuze koposa ka 29.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ngati mu collector mukudutsa 1 mA, gawani 26 mV ndi 1 mA, mupeza ma ohm 26. Resistor ya pa collector ikakhala ma ohm 4,700, gawani 4,700 ndi 26, mupeza pafupifupi 180. Magulu atatu aja adyako ndithu, komabe zotsala n'zokwanira. Tsono pa emitter pakhale resistor ya ma ohm 1,000 popanda capacitor yoilambalala: 180 uja agwa kufika pansi pa 5. Seketi ili zii, ngakhale mawaya onse mwalumikiza bwinobwino. Onaninso hfe ya transistor, isatsike pansi pa 45.

Resistor imodzi si yopeputsa. Mu 1956 ku Buffalo, Wilson Greatbatch anaika resistor yolakwika mu oscillator ya makina ojambulira kugunda kwa mtima. Seketiyo inayamba kugunda ndi kupuma, kugunda ndi kupuma. Pofika 1960 madokotala kumeneko anali akuika pacemaker yake m'matupi a odwala.

Amene muli ndi mayeso posachedwa, yesani kusintha resistor ya emitter ija ikhale ma ohm 100, muwerengenso.