Mlangizi wa Zidakwa Ayenera Kusunga Cisinsi

Pamene Boma linaletsa mowa wa m'timapepala wochedwa tujilijili m'caka ca 2012, ambiri anayesa kuti nkhondo yatha. Koma kacasu akali kuphikidwa m'midzi, camba cikali kulimidwa mobisa, ndipo ogwidwa ndi zizolowezi zimenezi afunabe thandizo. Ena amatumizidwa ku cipatala ca Chainama mu Lusaka, koma oculuka amayambira kwa mlangizi wa pa kiliniki yapafupi.

Apa ndipo pagona nkhani. Mu Lusaka mlangizi ndi mlendo kwa wodwala. Kumudzi ali mnansi, mwinanso mlamu. Mkazi wace atunga madzi pa citsime cimodzi ndi mkazi wa wodwalayo. Mau amodzi otayika madzulo pa bwalo afika kwa anyakwawa tambala asanalire, ndipo mawa lace apongozi adza kudzatenga mwana wao.

Kwa wosuta camba cinthuci ncoopsa koposa, pakuti poulula matenda ace aululanso mlandu. Bungwe la Drug Enforcement Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1989, ligwira ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, komanso lili ndi alangizi ace. Lamulo la 2021 lonena za mankhwalawa licita bwino kuchulanso za kuciza ndi kubwezeretsa ozolowera. Koma mnyamata wa ku Katete kapena ku Petauke sawerenga malamulo. Iye ayang'ana cimene cinagwera mnzace amene anapita kukaulula. Ngati mnzaceyo anamangidwa kapena kusekedwa pa msika, wacinyamatayo sadzapondako phazi.

Cisinsi cili ndi malire ace. Cidakwa cikanena kuti cifuna kudzipha, kapena kuti cimenya ana mpaka kuwapweteka, mlangizi sangakhale cete. Cofunika ndi cakuti malirewa achulidwe poyera tsiku loyamba, munthu asanatsegule mtima wace, kuti pambuyo pace asanene kuti anamuchera msampha.

Palinso nkhani ya mphatso. Pa mwambo wathu kukana nkhuku ndi mwano, komabe mlangizi wolandira nkhuku kwa mkazi wa cidakwa adzavutika kumkaniza mai ameneyo akadzafunsa zimene mwamuna wace ananena m'cipinda. Mai ali ndi cifukwa comveka cofunsira, popeza ndiye agona ndi njala ndalama za thonje zikathera ku mowa. Ngakhale ndi tero, woyenera kumuuza ndi mwamuna mwini wace, ndipo nchito ya mlangizi ndiyo kuwakhazika pamodzi awiriwo mwamunayo akavomera.