Tayala lonenepa si limene limagwiritsa njinga msewu

Pali malangizo amene afala pakati pa eni njinga zamoto zothamanga. Akumveka m'magalaja, m'magulu a WhatsApp, ngakhale kwa ogulitsa matayala amene. Akuti ukafuna kuti njinga izigwira msewu, izikhota osaterereka, izinyamuka ngati zija za pampikisano, chotsa tayala lakumbuyo limene inabwera nalo, uikepo lonenepa. Wa tayala la mamilimita 160 akuuzidwa kuti agule la 180, wa 180 akukankhiridwa ku 190 mwinanso 200. Chifukwa chake amachinena mwachidule: mphira ikachuluka pansi, kugwira nakonso kuchuluka. Ife sitikugwirizana nazo, ndipo tikuopa kuti malangizo amenewa adzagwetsera wina m'ngalande ndalama zake atalipira yekha.

Kumene maganizowa anachokera n'kosabisika. Aliyense amene amatsatira njinga zimenezi waona matayala akunenepa zaka zikamapita. Suzuki GSX-R750 yoyamba, ya mu 1985, inali ndi tayala lakumbuyo la mamilimita 140 okha. Honda Fireblade ya 1992 inabwera ndi 180, Yamaha R1 ya 1998 ndi 190, ndipo Ducati Panigale V4 imatuluka kufakitale ndi 200. Munthu akaona mndandanda umenewu amaganiza kuti tayala ndi limene lakhala likuwonjezera liwiro. Koma chinayamba kukula ndi injini, tayala linachita kutsatira pambuyo. GSX-R ija inali ndi mphamvu ya hp pafupifupi 100, pamene Panigale V4 imapitirira hp 200. Mphamvu yochuluka chonchi ikamadutsira pa tayala limodzi, mphira imatentha msanga ndipo imanyenyeka. Opanga analikulitsa kuti kutenthako kumwazikane, tayala lipirire. Apa otsutsana nafe akunena zoona, ndipo sitikuwakanira: njinga ya hp 200 imafunadi tayala lalikulu. Chimene akulakwitsa n'kuganiza kuti Kawasaki Ninja 400 kapena Suzuki SV650 ili ndi vuto la kutentha limene Panigale ili nalo. Ilibe. Ukaipatsa tayala lopitirira mphamvu zake, pamsewu wamba limachedwa kufunda, ndipo mphira yozizira ndi imene imaterereka.

Amene akukayika ayang'ane mpikisano wa Moto3, kumene Brad Binder wa ku South Africa anatenga chikho cha dziko lonse mu 2016 akukwera KTM. Njinga za kumeneko ndi za injini ya 250cc, ndipo tayala lakumbuyo silipitirira mamilimita 120, kutanthauza kuti n'lowonda kuposa la Yamaha R3 imene imagulitsidwa ndi 140. Komatu anyamata amenewo amagoneka njinga mpaka chigongono kukhudza phula, ndipo m'makhona ena liwiro lawo silisiyana kwenikweni ndi la njinga zikuluzikulu za MotoGP. Kukanakhala kuti kugwira msewu kumachokera m'kunenepa kwa tayala, mpikisano umenewu bwenzi ukutha aliyense ali m'mchenga.

Mbali ya tayala imene imakhudza msewu pa nthawi imodzi ndi yaing'ono, siposa chikhatho cha munthu. Tayala la njinga yamoto si lafulati ngati la galimoto. Ndi lozungulira kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete, choncho ngakhale likhale la 200, si mamilimita 200 onsewo amene amakhala pansi. Kukula kwa kachigawo kokhudza msewuko kumadalira kwambiri kulemera kumene tayala lasenza, mpweya umene uli m'kati, ndi mmene thupi la tayalalo analimangira. Mukasintha kunenepa kokha, kulemera ndi mpweya n'kukhala zomwezo, kachigawoko kamasintha maonekedwe koma sikakula mmene wogulitsa akulonjezera.

Tsono nkhani yaikulu, imene onena za tayala lonenepa amaidumpha dala kapena mosadziwa, ndi limu. Tayala lililonse amalipanga akudziwa limu imene lidzakhalepo. La 160 kawirikawiri limakhala pa limu ya mainchi 4.5, ngati ya SV650 yakale. La 180 limakhala pa ya mainchi 5.5, imene ili pa Yamaha R6, Honda CBR600RR, Kawasaki ZX-6R ndi Suzuki GSX-R600. La 190 ndi la 200 malo ake enieni ndi limu ya mainchi 6. Kusiyana kwa 4.5 ndi 5.5 ndi inchi yathunthu, mamilimita 25. Wina anganene kuti zimenezo n'zochepa, poti tayala ndi mphira ndipo limalowa. Kulowa limalowadi, makaniko aliyense wa zitsulo ziwiri ndi sopo akhoza kulilowetsa. Koma tengani tsamba la magazini, muligwire m'mbali zonse ziwiri n'kuyandikizitsa manja anu. Pakati pamatumphuka, m'mphepete n'kupindikira m'kati. Ndi zimene zimachitikira tayala la 180 likapanikizidwa pa limu ya 4.5. Msana wake umasongoka, ndipo mphira ya m'mphepete, imene mwiniwake analipirira ndalama zowonjezera, imakaimirira chilili kumbali kumene singakhudze msewu ngakhale njinga itagonekedwa motani. Mwagula mamilimita 20 owonjezera n'kuwapinda kuti aziyang'ana kutchire. Choipa kwambiri n'chakuti kachigawo kokhudza msewu kakhoza kuchepa pa nthawi imene mukukafuna kwambiri, njinga itagona pakati pa khona.

Ngakhale limu itakhala yoyenera, pali chinthu china chimene ambiri sachiyembekezera. Njinga ikagona, malo amene tayala lakhudza msewu sakhalanso pakati pa tayala. Amasunthira kumbali ya m'kati mwa khona, ndipo tayala likanenepa amasunthira kutali kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti pa liwiro lomwelo, pakhona lomwelo, njinga ya tayala lonenepa imayenera kugonekedwa kwambiri kuposa ya tayala lowonda. Ndiye kuti zopondera mapazi ndi ekizozi zimafika pansi msanga, ndipo wokwera amatsala ndi mpata wochepa wogonekera njinga akapeza kuti khona latsekeka kuposa mmene amaganizira. Aliyense amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti, kapena wotsika phiri la Zomba, akudziwa mmene makhona ena amanyengera maso. Pamalo oterowo munthu amafuna njinga yomvera msanga, osati yochita kukokana nayo.

Nambala yachiwiri ya pa tayala nayonso anthu amaiwerenga ngati chokongoletsa. Pa 180/55 ZR17, 180 ndi kunenepa m'mamilimita, 17 ndi kukula kwa limu m'mainchi, ndipo 55 ikunena kuti msinkhu wa tayala kuchokera pa limu ndi maperesenti 55 a kunenepako, amene ndi mamilimita 99. Mukaika 190/55, msinkhu umakhala mamilimita 104.5, ndipo kumbuyo kwa njinga kwakwera. Mukaika 190/50, msinkhu umatsika kufika pa 95, kumbuyo kwakhala pansi, ndipo njinga imayamba ulesi polowa m'khona. Mamilimita 4 kapena 5.5 akumveka ngati nthabwala, koma amakaniko a njinga za mpikisano amatha tsiku lonse akukangana za mamilimita ochepa ngati amenewa. Tayala la 190/55 ndi lalikulu pozungulira kuposa la 180/55 ndi maperesenti pafupifupi 1.7, zimene zikufanana ndi kukweza giya pang'ono. Choncho lonjezo lija loti njinga izinyamuka mwamphamvu limatembenuka: imanyamuka mofookerapo, itasenzanso mphira yolemera imene injini iyenera kuizunguza ndipo shokabu iyenera kuigwira pa bampu iliyonse.

Pa njinga zatsopano pali vuto linanso. ABS ndi traction control zimagwira ntchito poyerekeza mmene wilo lakutsogolo ndi lakumbuyo akuzungulirira. Kompyuta ya njinga inauzidwa kukula kwa matayala a kufakitale. Mukaika lalitali kumbuyo, limazungulira mochedwerapo, ndipo kompyuta ikhoza kuchedwa kuzindikira kuti layamba kupala. Mukaika lalifupi, imayamba kudula mphamvu popanda chifukwa. Njinga zina zimalola kuti muiphunzitse kompyutayo tayala latsopano, zambiri sizilola. Za mpata wa pakati pa tayala, tcheni ndi swingarm sitichulukitsa mawu: ndi wochepa kale, tayala limafufuma likatentha komanso pa liwiro lalikulu, ndipo matayala awiri olembedwa 190 a makampani osiyana sakhala ofanana ndendende ukawayeza. Limene likuzungulira bwinobwino m'galaja likhoza kumadyedwa ndi tcheni pamsewu wa M1.

Tikudziwa yankho limene libwere. Wina alemba kuti iye anaika lonenepa ndipo njinga inasintha tsiku lomwelo, inayamba kukhota bwino. Sitikumutsutsa kuti anamva kusintha. Funso lathu ndi lakuti anachotsa tayala lotani. Pafupifupi nthawi zonse munthu amasintha tayala lakale litatha, pakati patadyeka mpaka kukhala fulati chifukwa choyenda misewu yowongoka, mphira itauma ndi dzuwa. Tayala latsopano lililonse, la kukula kulikonse, limamveka ngati mankhwala poyerekeza ndi loterolo. Chimene anayamikira ndi utsopano, ulemu n'kuupereka kwa kunenepa. Akanayerekeza latsopano la 180 ndi latsopano la 190, a mtundu umodzi, pa njinga imodzi, bwenzi tikumvetsera mwachidwi.

Ena aloza kumabwalo a mpikisano, kumene okwera njinga za 600cc amaika 180/60 ngakhalenso 190 pa limu ya 5.5. N'zoona, ndipo pali matayala ena a 190 amene opanga ake amavomereza pa limu imeneyo. Koma onani mmene amachitira. Amasankha tayala limene kampani inalemba kuti likhoza kukhala pa limu yoteroyo, amasintha msinkhu wa njinga kutsogolo ndi kumbuyo kuti zigwirizane, amafunditsa matayala ndi zofunda zamagetsi asananyamuke, ndipo wotchi ndi imene imawauza ngati apindula kapena ayi. Chimene amasaka kwenikweni ndi msana wautali wopatsa mphira yambiri njinga itagona, osati kunenepa. Kutenga nambala yokha kwa anthu amenewa, ntchito yonse yotsalayo n'kuisiya, si kutsanzira akatswiri.

Pali chifukwa chimodzi chimene sitingalimbane nacho, ndipo tikanakonda anthu akanamachinena poyera: tayala lonenepa limakongola. Ukaima kumbuyo kwa Ducati Diavel, ya tayala la 240, umamva kuti pali chinthu. Koma Ducati anaipatsa limu ya mainchi 8, n'kupanga njinga yonse mozungulira tayalalo, ndipo Pirelli anakonza tayala loyenerera ntchitoyo. Munthu akanena kuti akufuna lonenepa kuti anzake azicheuka pamalo omwetsera mafuta, ndi ufulu wake ndi ndalama zake. Chimene tikukana n'kuveka chilakolako chimenechi malaya a chitetezo n'kumachigawira achinyamata amene angogula kumene njinga yawo yoyamba.

Kugwira msewu kumene anthu akusaka kumapezeka m'zinthu zosaoneka patali. Choyamba ndi mtundu wa mphira. Tayala la 160 la mphira yabwino, ngati aja amene pakati ndi polimba koma m'mphepete ndi mofewa, limaposa la 190 lotchipa pa msewu wouma ndi wonyowa womwe. China ndi zaka. Kuno njinga zambiri zothamanga zimabwera zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo matayala akaunjika ndi ambiri. Pambali pa tayala, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT, pali manambala 4. Akakhala 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya 2019. Mizere ikhoza kuoneka yakuya bwinobwino pamene mphira inauma kalekale, ndipo ogulitsa ena amakankha tayala lonenepa lakale chifukwa ndi limene lili pashelefu. Kenaka mpweya. Njinga zambiri za mtundu umenewu zimafuna 2.5 bar kutsogolo ndi 2.9 kumbuyo pamsewu wamba, kuyeza tayala lili lozizira, koma ndi angati amene ali ndi geji yawoyawo? Tayala lakutsogolo nalonso limaiwalika m'mkangano wonsewu, chikhalirecho ndi limene limasenza ntchito yaikulu ya mabuleki ndi kulowetsa njinga m'khona. Opanga amakonza lakutsogolo ndi lakumbuyo ngati banja limodzi, ndipo kusintha limodzi lokha kumasokoneza mgwirizanowo.

Amene watsala pang'ono kugula ayambe wagwada pafupi ndi wilo lakumbuyo. Pa limu pamakhala podinda, mwachitsanzo 17 x MT5.50, ndipo pa swingarm kapena pa chotchingira tcheni pamakhala kapepala konena kukula kwa tayala ndi mpweya wake. Ngati kapepalako kanamatuka, buku la njingayo lili pa intaneti, ndipo Michelin, Pirelli, Dunlop, Bridgestone ndi Metzeler onse amasindikiza mndandanda wa malimu ovomerezeka pa tayala lawo lililonse. Wogulitsa akakuuzani kuti lonenepalo lilowa, mufunseni akuonetseni limu yanu pa mndandanda umenewo.